Mwini Nyimbo Ndani? Mpikisano wa Amayi Otsogolera Magule ku Katete, Sinda ndi Vubwi

1.0 MAWU OYAMBA

Zambiri zimene zidalembedwa zokhudza magule a Achewa a m'Chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia zimakamba za zilombo za Gule Wamkulu: maonekedwe ake, mayina ake ndi tanthauzo lake pa chipembedzo cha makolo. Amayi amene amaima chapambali pabwalo, kuyimba ndi kuomba m'manja, amangotchulidwa modutsa ngati khamu lopanda nkhope, ngati kuti onsewo ali ndi liwu limodzi ndi mtima umodzi. Komatu aliyense amene adakulira m'mudzi wa mzinda akudziwa kuti pakati pa amayiwo pamakhala woyambitsa nyimbo, ndi kuti malo amenewa salowedwa chisawawa. Amalimbiranidwa, amatetezedwa, ndipo nthawi zina amalandidwa anthu akuona.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kuunika mpikisano umenewu monga mbali ya luso. Mfundo yathu ndi yakuti m'magule a amayi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mphamvu yosankha mtengambali wamkulu ili m'manja mwa ovomera nyimbo. Koma gule akachoka pabwalo la mudzi n'kupita pachionetsero chachikulu monga Kulamba, mphamvuyo imasamukira kwa okonza ulendo ndi mwambo, ndipo mikangano imasintha mtundu pamodzi ndi nyimbo zomwe. Kuti kusinthaku kuoneke bwino, tiyamba ndi mlandu wotchuka wa m'zisudzo za nyimbo za Azungu, kumene mphamvu yosankha imakhala ndi munthu mmodzi. Sitikhudza za kudambwe kapena za m'tsimba. Tikamba zokhazo zimene zimachitika poyera, ana ndi alendo akuona.

2.0 MLANDU WA SUNSET BOULEVARD

Sewero la nyimbo lotchedwa Sunset Boulevard, limene nyimbo zake adapeka Andrew Lloyd Webber, lidayamba kuonetsedwa ku Adelphi Theatre mumzinda wa London mu Julaye 1993. Mtengambali wamkulu, Norma Desmond, ndi mayi amene kale adali katswiri wa mafilimu opanda mawu, koma makampani adamutaya mafilimu olankhula atafika. Mbali imeneyi adaitenga Patti LuPone, ndipo pangano lake lidali lakuti adzaitenganso seweroli likadzapita ku Broadway mumzinda wa New York. Mu Disembala chaka chomwecho seweroli lidatsegulidwanso ku Los Angeles, Glenn Close ali Norma, ndipo ounika zisudzo adamuyamikira kwambiri. Mu Febuluwale 1994 kudalengezedwa kuti wopita ku Broadway ndi Close. LuPone adadandaula kuti pangano laphwanyidwa, ndipo nkhaniyo idatha ndi chipukuta misozi chimene manyuzipepala adati chidafika madola 1 miliyoni. Mu Juni 1994 Faye Dunaway, amene adakonzekera kulowa m'malo mwa Close ku Los Angeles, adachotsedwa ati chifukwa mawu ake sadafike pamene nyimbozo zimafuna. Naye adasuma, ndipo mlanduwo udathera kunja kwa khoti. Close adatsegula seweroli ku Broadway mu Novembala 1994, nalandira mphoto ya Tony mu 1995.

Pa mlanduwu tikutolapo zinthu zitatu. Choyamba, mbali yolimbiranayo ndi imodzi ndipo siigawika: nsanja imodzi, Norma mmodzi. Chachiwiri, wosankha ndi mwini sewero, amene amayang'ana luso pamodzi ndi malonda a matikiti. Chachitatu, ngakhale manyuzipepala adaikometsera nkhaniyi ngati ndewu ya akazi okhaokha, amene LuPone ndi Dunaway adalimbana naye adali mwamuna wosankhayo ndi kampani yake.

Pali chitsanzo china chachidule chimene titachifunenso kutsogoloku. Mu filimu ya My Fair Lady ya mu 1964, mbali ya Eliza Doolittle, imene Julie Andrews adaitchukitsa pansanja kuyambira mu 1956, idapatsidwa kwa Audrey Hepburn. Nyimbo zambiri za m'filimuyo adayimba Marni Nixon, amene nkhope yake sidaoneke ndipo dzina lake silidalembedwe pa filimuyo. Thupi lidali la mayi mmodzi, liwu la wina. Kulekana kwa thupi ndi liwu kumeneku tikupezanso pabwalo la Achewa, ngakhale pa zifukwa zosiyana.

3.0 BWALO NDI ATENGAMBALI AKE

Maboma atatu amene tikukambawa ali m'malire. Sinda ndi Vubwi adakhala maboma paokha mu 2012, Sinda kuchokera ku Katete ndi Petauke, Vubwi kuchokera ku Chadiza. Onse atatu achita malire ndi Mozambique, ndipo Vubwi wachitanso malire ndi Malawi. Kuno ndi kwa mafumu a Chichewa monga Kawaza, Mbang'ombe, Kathumba ndi Pembamoyo, ndipo ku Sinda Achewa akhalirana ndi Ansenga a kwa Nyanje. Maukwati, maliro ndi misika sizilabadira malirewa, choncho nyimbo nazo zimawoloka pamodzi ndi amayi oziyimba.

Mapopa Mtonga (1980), polemba za nyau za Achewa a m'chigawo chino, adaonetsa kuti Gule Wamkulu ndi sewero lokhala ndi atengambali, zovala, malo ochitira, oonerera ndi nkhani. Tikugwirizana naye, ndipo tikuonjezera kuti ndi sewero la nyimbo, pakuti palibe chilombo chimene chimavina popanda ng'oma ndi oyimba. Tikavomera zimenezi, funso lakuti mbali ya mayi ili pati m'seweroli silingapeweke.

Atengambali achikazi alipo. Maliya, wa nkhope yosalala ndi kavinidwe kofatsa, amakondedwa ndi amayi, ndipo amavina nawo limodzi. Kasiyamaliro amatanthauziridwa ngati mayi wa mtundu. Koma popeza nyau ndi bungwe la amuna, monga momwe UNESCO idafotokozera pamene idazindikira Gule Wamkulu mu 2005, palibe mayi amene angapikisane ndi mnzake kuti adzatuluke ngati Maliya. Mbali ya thupi ndi yotsekedwa. Yotsalira amayi ndi ya liwu. Kenji Yoshida (1993), amene adachita kafukufuku pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1980, adalemba mozama za zigoba ndi chinsinsi, ndipo Claude Boucher (2012) adasonkhanitsa zilombo zambirimbiri za m'chigawo chapakati ku Malawi pamodzi ndi nyimbo zake. Ntchito zimenezi ndi zamtengo wapatali, koma mutu wake ndi chilombo. Woyimbira chilombocho amatsalira kumbuyo.

Nzoona kuti pa Gule Wamkulu nyimbo zambiri amayambitsa amuna, kapena chilombo chomwe, monga Kapoli ndi timawu take tokwera tija. Ngakhale zili choncho, kumbali ya amayi kumakhala wina amene amaiwakha nyimboyo msanga naikokera anzake. Koma kumene luso la mayi limaonekera poyera ndi m'magule awo a amayi. Chitelele chimavinidwa madzulo mwezi ukuwala, popanda ng'oma. Ovina amaima mozungulira akuomba m'manja, nalowa pakati mosinthana. Chimtali chimavinidwa pa maukwati ndi pa zikondwerero, ng'oma zili pakati, amayi akuzungulira. Chisamba ndi gule wa pa chinamwali, ndipo amatsogolera ndi namkungwi. M'magule amenewa muli malo atatu aulemu: a woyambitsa nyimbo, a wovina patsogolo kapena pakati, ndi a namkungwi. Malo awiri oyambawo amapezedwa ndi luso. Achitatuwo ndi udindo, umene umadalira msinkhu, mbiri yabwino ndi chikhulupiriro cha mfumu. Mikangano yambiri imabadwira pamene luso ndi udindo sizili mwa munthu mmodzi.

4.0 OVOMERA NGATI OWERUZA

Nyimbo za magule amenewa ndi zoyambitsa ndi kuvomera. Mmodzi amaponya mzere, gulu limaulandira, ndipo nyimbo imayenda mwa kubwerezabwereza mpaka woyambitsayo ataidula. Kuti mayi akhale woyambitsa wodalirika amafunika zinthu zingapo. Liwu lake limveke pamwamba pa ng'oma. Aponye nyimbo pamlingo woti anzake akhoza kufikapo, pakuti akaikweza kwambiri ovomera amasasa mawu gule asanafike pakati, ndipo akaitsitsa imazizira. Akhale ndi nkhokwe ya nyimbo m'mutu, nadziwa yoyenera paukwati ndi yoyenera pachinamwali. Adziwe kuponyamo mawu atsopano okhudza zimene zachitika m'mudzi sabata yomweyo. Pomaliza, amvane ndi oyimba ng'oma, kuti podula nyimbo mwendo wa wovina, dzanja la wang'oma ndi liwu zithere pamodzi.

Nanga ndani amaweruza kuti mayi uyu wakwanitsa zimenezi? Palibe wowongolera sewero amene amagawa mbali gule asanayambe. Oweruza ndi ovomera. Mayi akaponya nyimbo imene gulu silikuifuna, kapena gulu likakhala kuti latopa naye, kuvomera kumabwera mozizira, manja amaombedwa mwaulesi, ndipo ng'oma zimayamba kusowa pogwira. Pamenepo wina wa mbali ina ya bwalo amaponya yake. Gulu likaiwakha ndi mphamvu, nthungululu n'kulira, ndiye kuti utsogoleri wasamuka popanda aliyense kunena liwu lokangana. Kufupa nako ndi chigamulo choonekera: ndalama imene mwamuna, mlongo kapena mlendo waponya pamapazi pa wovina imawerengedwa ndi maso a onse.

Chimene chikusiyanitsa dongosolo limeneli ndi la ku Broadway ndi chakuti mbali yolimbiranayo ndi yogawika, ndipo chigamulo chake sichikhalitsa. Usiku umodzi wa chimtali umadya nyimbo zambiri. Amene walandidwa nyimbo yachitatu akhoza kubwerera ndi yachisanu, ndipo mawa kuli ukwati wina kutsidya kwa dambo. Mwambi uja wakuti atambala awiri salira m'khola limodzi sugwira kwenikweni pano, pakuti kholali lidamangidwa moti atambala azilira mosinthana.

Tisafulumire kuganiza kuti ovomera ndi oweruza opanda mbali. M. G. Marwick (1965), amene adakhala pakati pa Achewa a m'chigawo chino m'zaka za 1946-47 ndi 1952-53, adaonetsa kuti mudzi wa Chichewa umakhala ndi mikangano yobisika pakati pa mabele a mbumba imodzi, makamaka pa za ufumu, ndi kuti milandu ya ufiti imatsata mizere yomweyo. Bwalo la gule lili m'mudzi womwewo. Pa chikamwini, amayi a m'mudzi amakhala apachibale: agogo, amayi, ana ndi zidzukulu. Mwana wa bele lalikulu akaponya nyimbo, ovomera ake alipo kale chibadwire. Mtengwa, amene adachita kubwera kudzakhala kwa mwamuna wake, angakhale ndi liwu lokoma chotani, amayenera kugula ovomera ndi ulemu, kudekha ndi zaka. Akatsogola msanga amanenedwa kuti ndi wamatama, nakumbutsidwa kuti mudzi uli ndi eni ake. Chomwechonso akazi a pamitala akakumana pabwalo limodzi, aliyense amabwera ndi omuchemerera ake. Motero tinganene kuti kamvekedwe ka kuvomera ndi mapu a ubale wa m'mudzi, ndipo wofufuza wa khutu lakuthwa akhoza kuwerengamo zambiri.

Pakati pa namkungwi ndi woyimba wachitsikana pali mkangano wa mtundu wina. Namkungwi ali ndi nzeru ndi ulamuliro, koma liwu limakalamba. Wachitsikana ali ndi liwu, koma sadziwa chifukwa chake nyimbo yakutiyakuti iyenera kutsogola inzake. Namkungwi wanzeru amamukokera pafupi mwanayo, kumupatsa nyimbo zopepuka, iye n'kusunga zamwambo. Potero amakonza womulowa m'malo popanda kutaya ulemu. Norma Desmond wa m'sewero lija adapenga misala chifukwa makampani a mafilimu adalibe malo a katswiri wokalamba. Bwalo la chisamba lili nawo malowo, ndipo ndi aulemu kuposa onse.

Chinthu chofunika kwambiri kwa ophunzira za nyimbo ndi ndakatulo zapakamwa ndi chakuti mpikisanowu umabala nyimbo. Enoch Timpunza Mvula (1986) adaonetsa kuti amayi a Chichewa amagwiritsa ntchito nyimbo, monga za pamtondo, ponena zimene sangazinene maso ndi maso. Luso lomwelo limalowa m'chimtali ndi m'chitelele. Mayi amene wapsa mtima ndi mnzake satchula dzina. Amapeka nyimbo yonena za mbalame, za mphika kapena za mlendo wosadziwa njira, ndipo mudzi wonse umadziwa amene walasidwa. Wolasidwayo akakwiya poyera ndiye kuti wadziulula yekha. Njira yaulemu ndi kubweza ndi nyimbo yoposa ya mnzakeyo. Ovomera amasangalala ndi mbali zonse ziwiri, nasunga nyimbo yokomayo ngakhale mkangano umene udaibala utaiwalika. Ndi maganizo athu kuti mbali ina ya nyimbo zophiphiritsa zimene timaphunzitsa m'kalasi ngati za makolo idabadwa motere, pakamwa pa mayi mmodzi amene adali ndi mnzake womuyankha.

5.0 GULE AKAFIKA KU MKAIKA

Mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete, likulu la Kalonga Gawa Undi, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti. Boma la atsamunda lidauletsa mu 1934, ndipo udayambiranso mu 1984 pa nthawi ya Kalonga Gawa Undi Chivunga. Mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzapereka ulemu ndi mphatso, ataperekezedwa ndi magule a kwawo. Mu 2007 atsogoleri a maiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, adakhala nawo pamwambowu. Palibe bwalo lina m'dziko la Achewa limene mayi woyimba angamvedwe ndi anthu ochuluka chotere. Mwambowu wabwezera ulemu magule amene kale amishoni ndi sukulu adawanyoza, ndipo pa ichi tiyenera kuyamika.

Komabe chionetsero chili ndi malamulo ake, amene sachokera ku nkhanza za munthu koma ku kuchuluka kwa anthu ndi kuchepa kwa nthawi. Gule amene kumudzi amachezera usiku wonse, ku Mkaika amapatsidwa mphindi zowerengeka, pakuti mafumu odikira ndi ambiri. Nyimbo zikatsala ziwiri kapena zitatu, mbali ya woyambitsa imaleka kugawika. Imasanduka ngati ya Norma Desmond. Galimoto yochokera ku Vubwi kapena kumalire a Sinda singanyamule mudzi wonse, choncho wina ayenera kulemba mayina a opita ndi kusiya ena. Zitenje zofanana zimagulidwa mowerenga. Pamapeto pake pali maikolofoni, imene imagwiridwa ndi dzanja limodzi.

Maikolofoni ndi kachinthu kakang'ono, koma imagwetsa dongosolo lonse limene tafotokoza m'gawo lapitali. Woigwira amamveka kaya ovomera amufuna kaya samufuna. Kuzizira kwa manja sikumvekanso, ndipo mayi wa mbali ina ya bwalo sangaponye nyimbo yake kuti alande utsogoleri, chifukwa liwu lake lingamire m'zimkuzamawu. Chigamulo chimene chidali kuperekedwa pabwalo, nyimbo ndi nyimbo, tsopano chimaperekedwa masabata angapo m'mbuyo ndi anthu ochepa: mfumu, nduna zake kapena komiti ya gulu. Wosiyidwa alibe mpata wobweza ndi luso. Chimene chimamutsalira ndi kudandaula kwa wosankhayo, kunyanyala, kapena kupatuka ndi anzake n'kuyambitsa gulu lina. Apa mkangano wafanana ndi wa LuPone: wachoka pansanja, ndipo wolimbana naye salinso woyimba mnzake.

Kanema ndi mafoni ojambula zimabweretsa vuto lachiwiri, lija la thupi ndi liwu. Diso la kamera limathamangira anamwali ovala mikanda ndi ovina a patsogolo odula chiuno mochititsa kaso. Amayi achikulire amene asenza nyimboyo amatsalira kumbuyo ngati Marni Nixon, omveka koma osaoneka. Wosankha amene akuganizira za chithunzi adzakonda msinkhu ndi maonekedwe, ndipo mpando wa m'galimoto udzaperekedwa kwa wovina m'malo mwa wosunga nyimbo.

Vuto lachitatu likhudza nyimbo zenizenizo. Nyimbo yophiphiritsa imakoma kwa odziwa nkhani yake. Pamaso pa khamu la maiko atatu, mbalame ndi mphika zija sizilasa aliyense. Gulu limasankha nyimbo zotamanda mfumu kapena zolengeza uthenga wa chitukuko, zimene aliyense angazimve. Nyimbo zoterezi zili ndi ntchito yake, koma kawirikawiri mawu ake ndi osaya, ndipo siziitana yankho. Lisa Gilman (2009), polemba za amayi ovina pamisonkhano ya ndale ku Malawi kuyambira nthawi ya mbumba za Dr. H. Kamuzu Banda mpaka m'zaka za zipani zambiri zoyambira mu 1994, adaonetsa mmene nsalu ndi ndalama zochokera kwa andale zidalowerera m'magule amenewa. Kulamba si msonkhano wa chipani, ndipo sitikuyerekeza zolinga zake. Phunziro lokha ndi limene tikutengapo: mphotho ikamachokera kumwamba, woyimba amatembenukira kwa wopereka, nafulatira ovomera.

Wina angatitsutse kuti tikukometsera bwalo la kumudzi. Tavomera kale kuti bwalolo limakondera eni mudzi. Komiti yachilungamo ikhoza kupatsa maikolofoni mtengwa waluso amene abale a mwamuna wake sakadamuvomera mpaka imvi. Izi nzotheka. Kusiyana kwake n'kwakuti kukondera kwa ovomera kumachitika poyera ndipo kukhoza kugonjetsedwa ndi nyimbo imodzi yosakanika, pamene kukondera kwa wolemba mayina kumachitika papepala, kumene nyimbo siifika.

6.0 NSANJE, KADUKA NDI MPIKISANO

Popeza ambiri mwa owerenga ndi aphunzitsi a chiyankhulo, tiyenera kuima pang'ono pa mawu amene timagwiritsa ntchito pofotokoza zimenezi. Nsanje ndi mantha akuti chako chilandidwa, ndipo mawuwa timawamva kwambiri pa za m'banja ndi mitala. Kaduka ndi njiru ndi kuwawidwa mtima ndi zabwino za mnzako, mpaka kufuna kuti zionongeke. Mpikisano ndi kuyesana mphamvu kapena luso pamaso pa woweruza. Magulu a mganda a ku Lundazi kapena ku Dowa akakumana, timati pali mpikisano. Oyimba ng'oma awiri akamalimbirana mbalule, timati akuonetsana ukatswiri. Koma amayi awiri akalimbirana nyimbo, pakamwa pathu pamafulumira kutuluka mawu akuti nsanje, ndipo potero timaichotsa nkhaniyo pabwalo la luso n'kuiponya kukhitchini. Ndi zomwezo zimene manyuzipepala adachita ndi LuPone ndi Close.

Chiyankhulo chathu chili ndi mneni wolongosola bwino zimene zimachitika: kuyimbirana. Pa tsinde lakuti -yimb- paphatikizidwa -ir-, wosonyeza wochitiridwa, ndi -an-, wosonyeza kuchitirana. Koma -ir- ameneyu amaloza wopindula ndi wovulala yemwe. Kuyimbira mwana ndi kumutonthoza. Kuyimbira mkazi mnzako pamtondo ndi kumulasa. Choncho amayi awiri akamayimbirana amakhala akulasana ndiponso akuthandizana, pakuti aliyense amapatsa mnzake chifukwa chopekera nyimbo ina. Mphunzitsi wa malamulo a chiyankhulo ndi mphunzitsi wa nyimbo za makolo akhoza kukumana pa mneni mmodzi ameneyu.

7.0 MAWU OMALIZA

Tayesa kuonetsa kuti kulimbirana malo pakati pa amayi otsogolera magule ku Katete, Sinda ndi Vubwi ndi mbali ya kapangidwe ka magulewo. Kuti oweruza ake ndi ovomera. Ndi kuti chionetsero chachikulu chimasamutsa chiweruzocho, n'kusintha mkangano pamodzi ndi nyimbo. Kuchokera apa tikupereka maganizo awiri.

Kwa ofufuza: tisamalembe pansi pa nyimbo kuti “amayi a ku Katete” basi. Tikapempha chilolezo, tilembe amene adaiyambitsa, amene adaipeka, ngati ali mwini mudzi kapena mtengwa, ndiponso nyimbo imene idatsogola ndi imene idatsatira, pakuti nyimbo yoyankha ikachotsedwa pa inzake imataya theka la tanthauzo. Tizifikanso pa zokonzekera za mu Julaye ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, pamene mayina a opita ku Mkaika akulembedwa, chifukwa sewero lina limachitikira pamenepo.

Kwa aphunzitsi amene amakonzekeretsa ana ku mipikisano ya zaluso ya m'sukulu, monga ya bungwe la NASAAZ: vuto la wosankha lili m'manja mwathu chaka ndi chaka. Tikapatsa mtsikana mmodzi nyimbo zonse, enawo timawaphunzitsa kaduka. Tikagawa nyimbo kwa atatu kapena anayi, n'kumvetsera amene anzake akumuvomera ndi mtima wonse, timawaphunzitsa kuyimbirana. Ndipo pamene maikolofoni ilipo, ndi bwino kuiimika pakati pa gulu kusiyana ndi kuiika m'dzanja la mwana mmodzi.